Francesca Cuzzoni: Woimba wotchuka amene adamwalira ali mmphawi

Francesca Cuzzoni, mayi woimba ndi mawu okwera, adabadwira mumzinda wa Parma m'dziko la Italy m'chaka cha 1696. Adayamba kuimba ku London mu 1723, komwe katswiri wopeka nyimbo George Frideric Handel adampatsa mbali zikuluzikulu m'masewero oimba a opera, monga Giulio Cesare mu 1724 ndi Rodelinda mu 1725.

Ngakhale ankalandira ndalama zankhaninkhani, kusasamala chuma kudamgwetsa m'ngongole mpaka adamangidwapo. Adamwalira ku Bologna mu 1778 ali paumphawi wadzaoneni, akupeza chakudya popanga mabatani.

Mu 2009, woimba wa ku Germany, Simone Kermes, adatulutsa chimbale cha nyimbo zomwe Handel adapekera Cuzzoni, mothandizidwa ndi gulu la Lautten Compagney, lomwe limaimba ndi zida zamakedzana.