Roald Amundsen: adatsala pang'ono kufera m'dzenje lokumba yekha

Mu Januwale 1896, mnyamata wa zaka 23 wa ku Norway adatsala pang'ono kufera m'dzenje lomwe adakumba yekha. Mnyamatayo adali Roald Amundsen, yemwe adabadwa pa 16 Julaye 1872.

Iye ndi mkulu wake Leon adasochera pamapiri a Hardangervidda m'nyengo yozizira, pomwe dziko lonse limakutidwa ndi chipale chofewa choyera ngati ufa. Pothawa mphepo usiku wina, Amundsen adakumba dzenje m'chipalecho nkulowamo ndi thumba lake logonamo. Koma chipalecho chidali chonyowa, ndipo kutazizira kwambiri chidauma gwaa ngati mwala, osatha kusuntha ngakhale mkono. Mwayi wake, Leon adaona tiubweya ta thumbalo titatulukira pamwamba nkumufukula.

Luso lenileni adakalipeza kumpoto kwa Canada, paulendo wa 1903 mpaka 1906 pasitima yaing'ono yotchedwa Gjøa. Adakhala pafupifupi zaka ziwiri pachilumba cha King William pakati pa anthu a mtundu wa Netsilik. Azungu ambiri panthawiyo ankawaderera anthuwa, koma Amundsen adadzichepetsa nkukhala mwana wasukulu wawo.

Kwa iwo adaona kuti sumangofikira kukumba. Umayamba wabaya chipale ndi kandodo kuti upeze cholimba bwino, kenako umachidula ndi mpeni wautali ngati njerwa zikuluzikulu, nkumaziyala mozungulira mpaka kanyumba katseke pamwamba. Khomo limakhala mmunsi, pogona pamakhala pokwererapo poti mpweya wofunda umakwera, ndipo pamasiyidwa kabowo kopumira. Usanagone umakuntha chipale chonse pazovala, apo ayi chisungunuka nkukunyowetsa. Zovala zake ndi zikopa zaubweya zosathina, chifukwa thukuta likauma m'thupi limapha.

Ku Antarctica ankagona m'matenti, koma zovala zija ndi luso loyendetsa agalu okoka katundu ndizo zidamupindulira. Pa 14 Disembala 1911, iye ndi anzake anayi adakhala anthu oyamba kufika ku South Pole, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo onse adabwerako amoyo. Mngelezi Robert Scott adafikako patatha masiku 34, koma iye ndi anzake anayi adafera m'njira pobwerera.

Amundsen adasowa pa 18 Juni 1928, ndege yomwe adakwera pokafunafuna Umberto Nobile wa ku Italy itazimirira panyanja kumpoto kwa Norway. Thupi lake silidapezeke.