Paul Ngozi: Mwana wa ku Chibolya amene mau ake anamveka m'cimbale ca hip-hop ca ku America

Pamene caka ca 2024 cinali kutha, manyuzipepala ndi nyumba za mawailesi za ku America ndi ku Ulaya zinayamba, monga mwa mwambo wao, kusankha zimbale za hip-hop ndi soul zimene zinapambana m'cakaco. Pa maina amene anachulidwa kawirikawiri panali Chromakopia, cimbale ca woimba wa ku California, Tyler, the Creator, cimene cinatuluka pa 28 October ndi kufika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard 200. M'nyimbo ina ya m'cimbaleci, yochedwa Noid, mumamveka mwamuna akuimba m'Cinyanja ca mu Lusaka. Mauwo ndi a malemu Paul Ngozi, amene panthawiyo anali atagona m'manda zaka 35.

Dzina lao lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Dzina la Nyirongo si lacilendo kwa amvetseri athu a m'boma la Lundazi ndi a kumpoto kwa Malawi, cifukwa ndi lodziwika pakati pa Atumbuka. Koma iwo anabadwira mu Lusaka pa 10 January 1949, ndipo anakulira m'komboni ya Chibolya, imodzi mwa makomboni akale amene atsamunda anamangira anthu akuda ogwira nchito m'tauni. Moyo wa kumeneko, wa nyumba zothinana, umphawi, mowa ndi mikangano ya anansi, ndi umene unadzakhala phata la nyimbo zao.

Ali mnyamata anaimba m'magulu ang'onoang'ono a mu Lusaka. Nthawi imeneyo anyamata a m'tauni anali kumvetsera malekodi a Jimi Hendrix, James Brown ndi a Rolling Stones, ndi kuyesa kutsanzira kaimbidwe kao. M'zaka za m'ma 1970 analowa gulu la Musi-O-Tunya, limene munali a Rikki Ililonga, ndipo anaimba nalo ku Nairobi m'dziko la Kenya. Atabwerera kumudzi anayambitsa gulu laolao, Ngozi Family, pamodzi ndi woimba ng'oma Chrissy Zebby Tembo.

Dzina la Ngozi linawayenera. Pa nsanja anali kuliza gitala ndi mano, ndipo kulira kwa gitalayo kunali kwaukali, kosasalala, ngati citsulo cikucekedwa. Akatswiri a nyimbo a kunja masiku ano amafanizira kaimbidwe kameneka ndi ka gulu la ku England la Black Sabbath. Kufanizirako sikulakwika, koma kumasiya mbali yaikulu ya nkhani. Magulu ambiri a nyimbo zimene tsopano zichedwa Zamrock anali kuimba kwambiri m'Cingerezi. A Paul Ngozi naonso anaimba m'Cingerezi, koma nyimbo zao zimene anthu anazisunga pamtima ndi za m'Cinyanja, ndipo sicinali Cinyanja ca m'mabuku kapena ca pa guwa. Cinali cinenero ca pamsika ndi ca pa siteshoni ya mabasi, cimene amai ogulitsa tomato ndi anyamata osowa nchito anali kulankhula tsiku ndi tsiku.

Nthawi inawakomeranso. Pakati pa zaka za m'ma 1970, mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko muno. Wailesi inali ya boma yokha, ndipo inali kumveka kucokera ku Livingstone mpaka ku Chipata ndi Lundazi. Motero woimba amene nyimbo yake yalowa pa wailesi anali kudziwika ngakhale m'midzi imene sanapondemo phazi. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda malekodi, ndiponso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, amene anatulutsa malekodi a oimba ambiri a nthawiyo.

Mu 1976 gulu la Ngozi Family linatulutsa cimbale ca Day of Judgement. Pasanapite nthawi panabwera The Ghetto, cimene cikamba za mavuto a anthu a m'makomboni, kenaka mu 1977 kunatuluka 45,000 Volts. M'cimbale comalizaci ndi mmene muli nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, imene Tyler, the Creator anatengako mbali ndi kuiika mu Noid.

Apa ndi pamene pali cinthu cocititsa cidwi. Nyimbo ya Noid ikamba za munthu wochuka amene sagona tulo cifukwa ca mantha: aona ngati aliyense akumuzonda, akumujambula, akufuna kudziwa za m'nyumba mwake. Nyimbo ya a Ngozi nayonso ndi cenjezo kwa munthu wobwera pakhomo pa mnzake wopanda ulemu, wolongolola ndi wamiseche. Wina anaimba ali m'dziko la anthu olemera a ku Los Angeles, winayo anaimba za m'komboni mmene khoma limamva zonse, koma dandaulo lao ndi limodzi. Mau a Cinyanja sanaikidwe m'nyimbo ija monga cokometsera cabe. Ndi amene anyamula uthenga wake, ngakhale kuti ambiri mwa amene anaimvera kunja anacita kufunsa tanthauzo lake.

Zaka zabwino za Zamrock sizinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa pamsika wa dziko lonse kuyambira mu 1975, ndipo ndalama zogulira malekodi ndi zolowera m'malo a zisangalalo zinayamba kusowa. Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inafika mpaka mu Zambia: mu 1978 ndi 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa malo ena m'dziko muno, ndipo boma linaletsa anthu kuyenda usiku. Woimba amadya za usiku, conco lamuloli linapha nchito za magulu ambiri. Pambuyo pake kunabwera disco, makaseti ojambulidwa mwakuba, ndi kalindula, amene anatenga mitima ya anthu m'zaka za m'ma 1980.

A Paul Ngozi anapitirizabe kuimba ndi kujambula nyimbo m'zaka zovutazo. Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40, m'nyengo imene matenda a Edzi anali kutha oimba ambiri a m'badwo wao. Mumzinda wa Lusaka, ku Kabwata, kuli mseu umene unapatsidwa dzina lao.

Kwa zaka zambiri malekodi ao anali kupezeka kwa anthu owerengeka okha amene anawasunga m'masutukesi. Amene anawaukitsa ndi makampani a kunja, makamaka Now-Again Records ya ku Los Angeles, imene inadindanso Day of Judgement mu 2014 ndi kutulutsa zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! mu 2017. N'zocititsa manyazi pang'ono kuti mwana wa mu Lusaka wofuna kumva bwino nyimbo za a Ngozi anayamba wadikira alendo kuti azikonze. Kucokera pamenepo oimba a hip-hop anayamba kufukula cuma cimeneci. Sampa the Great, woimba wa kuno kwathu, anaimba ndi gulu la WITCH m'cimbale cake ca As Above, So Below mu 2022. Caka cotsatira Travis Scott anatenga mbali ya nyimbo ya gulu la Amanaz m'cimbale ca Utopia, ndipo mu October 2024 inafika nthawi ya Ngozi Family.