Gunpei Yokoi

Gunpei Yokoi (10 Sepitembala 1941 – 4 Okutobala 1997) anali injiniya wa ku Japan amene anagwira ntchito ku kampani ya Nintendo kwa zaka 31, akupanga zidole ndi makina a magemu. Amadziwika kwambiri ndi Game Boy, komanso ndi Virtual Boy, makina oonetsa zithunzi za 3D omwe sanayende malonda.

Chiyambi

Yokoi anabadwira mumzinda wa Kyoto ndipo anaphunzira zamagetsi pa yunivesite ya Doshisha. Mu 1965 analembedwa ntchito yokonza makina a m'fakitale ya Nintendo, yomwe panthawiyo inkapanga makadi osewerera a hanafuda. Tsiku lina mkulu wa kampaniyo, Hiroshi Yamauchi, anaona kachidole kotambasuka ngati mkono kamene Yokoi anapanga pongotayitsa nthawi, ndipo analamula kuti kakonzedwe bwino n'kugulitsidwa. Chidolechi chinatuluka mu 1966 ndi dzina lakuti Ultra Hand, ndipo zinagulidwa zoposa miliyoni imodzi.

Yokoi sankathamangira luso latsopano lodula. Ankatenga zipangizo zakale zomwe zatsika kale mtengo n'kuzipezera ntchito ina. Maganizo amenewa ndi amene anabala Game & Watch mu 1980 ndi Game Boy mu 1989.

Virtual Boy

Virtual Boy inatuluka ku Japan pa 21 Julayi 1995, ndipo ku North America mu Ogasiti chaka chomwecho. Makinawa ankaimikidwa patebulo ndi timiyendo tiwiri, wosewera n'kuweramira kuti asuzumiremo. Diso lililonse linali ndi mzere wake wa timagetsi 224 ta LED ndi kagalasi kogwedezeka mofulumira kwambiri, kamene kankamwaza kuwalako kuti kuoneke ngati chithunzi chathunthu. Popeza zithunzi ziwirizo zinkasiyana pang'ono, ubongo unkaziphatikiza, ndipo zinthu zina zinkaoneka pafupi, zina patali. Luso limeneli linachokera ku kampani ya ku America ya Reflection Technology.

Zithunzi zonse zinali zofiira pamdima wakuda, chifukwa timagetsi tofiira ndi timene tinali totchipa. Apa njira ya Yokoi yochepetsa mtengo sinathandize kwenikweni: makinawo anadulabe, pafupifupi madola 180, sankanyamulika ngati Game Boy, ndipo osewera ena ankadandaula mutu, maso ndi khosi. Anagulidwa pafupifupi 770,000 okha, magemu ake anangokwana 22, ndipo ku Ulaya sanafikeko n'komwe. Pofika mu 1996 Nintendo inali itasiya kuwapanga.

Kuchepa kwakeko ndi kumene kumakopa anthu osonkhanitsa makina akale masiku ano. Gemu ya Virtual Boy Wario Land imayamikiridwabe, pamene Jack Bros. ndi imodzi mwa zosowa. Makina ambiri otsala amaonetsa mizeremizere chifukwa guluu wogwira timawaya ta m'kati anafooka, choncho eni ake amatiwotcherera kuti aziseweranso.

Kuchoka ku Nintendo ndi imfa yake

Yokoi anachoka ku Nintendo mu Ogasiti 1996, atamaliza kaye Game Boy Pocket. Anthu ambiri ankati wachoka chifukwa cha kulephera kwa Virtual Boy, koma kampaniyo inakana zimenezi. Anayambitsa kampani yakeyake yotchedwa Koto, n'kuyamba kupanga makina a m'manja a WonderSwan mogwirizana ndi Bandai.

Pa 4 Okutobala 1997, galimoto imene anakwera inagunda lole pamsewu wa Hokuriku Expressway m'chigawo cha Ishikawa. Atatsika kuti aone mmene zawonongekera, galimoto ina yodutsa inamugunda, ndipo anamwalira ali ndi zaka 56. WonderSwan inatuluka mu 1999, pamodzi ndi gemu yotchedwa Gunpey pomukumbukira.