Petro Kilekwa

Kumpoto kwa dziko la Zambia kuli nyanja yotchedwa Bangweulu. Pafupi ndi nyanja imeneyi, pakati pa anthu a mtundu wa Abisa, padabadwa mwana wamwamuna cha m'ma 1870. Makolo ake adamutcha dzina loti Chilekwa.

Masiku amenewo kunalibe mtendere. Magulu a nkhondo ankathira midzi moto, kulanda chakudya ndi kugwira anthu kuti akaŵagulitse. Ngakhale kuno kwathu zidali chimodzimodzi. Anthu a m'chigwa cha Mua, Mtakataka ndi Golomoti ankalima ali cheucheu, pakuti sankadziŵa tsiku limene adani angatulukire. Akapolo ena ankaŵaolotsa nyanja pa Nkhotakota, kwa Jumbe, ndipo ena ankaŵazungulitsa kumwera kudzera kwa Mponda.

Chilekwa akali mnyamata wamng'ono, kwao kudafika ankhondo otchedwa Maviti. Iwo adamugwira, ndipo pambuyo pake adagwa m'manja mwa amalonda a akapolo. Mayi ake atamva kumene adali, adayesetsa kuti amuombole. Amalonda aja adati akufuna mayadi 8 a nsalu ya bafuta. Nsalu yotere lero munthu angathe kuipinda ndi kuinyamula m'khwapa, koma m'midzi ya kutali ndi nyanja yamchere idali chuma chosoŵa. Mayi aja adalephera kuikwanitsa. Choncho mwana wawo adatengedwa iwo akuona, ndipo aŵiriwo sadaonanenso.

Ulendo wopita ku nyanja yamchere udali wa miyezi yambiri, wapansi. Atafika kugombe, Chilekwa ndi anzake adaŵaloŵetsa m'chombo cha matanga cha Aluya. Chombocho chidalunjika kumpoto, ku maiko a Arabia, kumene akadagulitsidwa. Koma ali pakati pa nyanja padatulukira sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Osprey, imene inkasaka zombo za akapolo. Asilikali a m'sitimayo adagwira chombo chija, namasula anthu onse, nakaŵatula mu mzinda wa Muscat.

Ufulu adaupeza, koma kwao kudali kutali, ndipo njira yobwererako sankaidziŵa. Patapita masabata angapo, Chilekwa ndi mnzake wina dzina lake Mambwala adatengedwa kuti azikagwira ntchito mu Osprey momwemo. Umu ndimo mnyamata wa kumtunda adasandukira mmalinyero wa gulu la nkhondo la pamadzi. Ntchito zake zidali zing'onozing'ono, zothandiza akuluakulu a m'sitima. Komabe sitima ya nkhondo si malo a munthu waulesi. Aliyense amadzuka, kudya ndi kugona pomvera belu, ndipo chinthu chilichonse chimakhala pamalo pake. Tsono Chilekwa adakhala m'gulu la osaka zombo zonga chomwe chidamunyamula iye.

Osprey itati ibwerere ku Mangalande, anyamata aŵiri aja adaŵasamutsira m'sitima ina yaikulu yotchedwa Bacchante. M'chaka cha 1887 iwo adali ku Bombay, m'dziko la India, pamene anthu ankasangalalira kuti Mfumukazi Victoria yakwanitsa zaka 50 ili pampando.

Kenaka adapita naye ku chilumba cha Zanzibar. Kumeneko msika wa akapolo udali utatsekedwa kale mu 1873, ndipo pamalo pake amishoni a mpingo wa Anglican adamangapo tchalitchi chachikulu. Amishoni omwewo adali ndi sukulu pa Kiungani, yophunzitsa anyamata oomboledwa ku ukapolo. Chilekwa adaloŵa sukulu imeneyi, nabatizidwa dzina loti Petro. Anthu a kumeneko, poyankhula Chiswahili, amati “ki” pamene ife timati “chi”. Nchifukwa chake dzina lake lidasanduka Kilekwa. Adalimbikira maphunziro kufikira adakhala mphunzitsi.

Petro adakwatira Beatrice, mtsikana amene nayenso adaomboledwa ku ukapolo. Pa mwambo wathu ukwati umamangidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziŵiri, ndipo pakagwa vuto pamakhala amalume othaŵirako. Aŵiriŵa abale awo adali atatsala kutali. Adayamba banja lawo podalirana iwo okha ndi akhristu anzawo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, a Kilekwa ndi akazi awo adanyamuka ku Zanzibar kudzagwira ntchito ya uphunzitsi ku Nyanja ya Malaŵi. Nthaŵi imeneyo dziko lathu lidali litangoloŵa mu ulamuliro wa Angerezi, ndipo malonda a akapolo adali atangothetsedwa kumene. Sichidali chinthu chapafupi kwa anthu aŵiri otere kusiya mzinda wotetezedwa ndi kuloŵanso kumtunda, kumene akuluakulu ena adali atalemera ndi malonda omwe aja. Iwo adabwera onse aŵiri.

Likulu la mishoni lidali pa chilumba cha Likoma, kumene amishoni adakhazikika mu 1885. Sukulu zambiri zidali m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo kuyambira mu 1901 sitima ya Chauncy Maples inkayendera midzi imeneyi. Mphunzitsi wa pamudzi ankaphunzitsa ana kuŵerenga ndi kulemba, kutsogolera mapemphero, kuyendera odwala, kwinaku akulima munda wake. A Kilekwa adagwira ntchito yotere zaka zambiri. Mu 1911 adadzozedwa udikoni. Mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, adadzozedwa unsembe, ndipo adakhala mmodzi mwa ansembe oŵerengeka achikuda a mpingo wawo m'dziko muno.

Atakula, Bambo Kilekwa adalemba mbiri ya moyo wawo m'Chinyanja. K. H. Nixon Smith adaimasulira m'Chingerezi, ndipo mu 1937 idasindikizidwa ku London ndi mutu woti Slave Boy to Priest, ndiye kuti mnyamata wa ukapolo amene adakhala wansembe. Anthu amene adayenda njira ya akapolo adali zikwizikwi, koma amene adalemba okha zimene adaziona ndi oŵerengeka. M'buku limeneli ndimo timadziŵira za Mambwala, za sitima ziŵiri zija, ndi za mayi aja amene adasoŵa mayadi 8 a bafuta.