Lucille Ball ankaseketsa anthu, koma pa ndalama sankaseka

Anthu ambiri akamva za ochita zisudzo amangoganiza za nthabwala, ngati kuti munthu woseketsa anzake alibe mutu wa bizinesi. Mbiri ya mayi wina wa ku America, malemu Lucille Ball, ikutsutsa maganizo oterewa, ndipo inu amalonda ndi ana a sukulu mungatolepo kanthu.

Mayiyu adabadwa pa 6 Ogasiti 1911 ku Jamestown, m'chigawo cha New York. Bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka zitatu zokha. Atasinkhuka adakalowa sukulu ya zisudzo mumzinda wa New York, koma aphunzitsi adamugwetsa ulesi, ati alibe luso ndipo akungotaya nthawi. Adayamba wagwira maganyu otsatsa zovala ndi fodya, kenaka m'chaka cha 1933 adapita ku Hollywood, kuchimake kwa mafilimu.

Kumeneko adatha zaka zoposa 15 akusewera m'mafilimu ambirimbiri a makampani ngati RKO ndi MGM. Malipiro ankalandira ndithu, koma filimu ikatha, phindu lonse linkalowa m'thumba mwa eni kampani. Iye adali wantchito chabe.

Mu 1940 adakwatiwa ndi Desi Arnaz, woimba wochokera ku Cuba. Mu 1948 adayamba sewero la pawailesi ya CBS lotchedwa My Favorite Husband, lomwe anthu adalikonda zedi. Akuluakulu a CBS atafuna kuliika pa wailesi ya kanema, Lucille adanenetsa kuti mwamuna wake m'seweromo akhale Desi yemweyo. Mabwanawo adakana, poganiza kuti oonera sangavomereze mkazi wachizungu wokwatiwa ndi munthu wa ku Cuba. Awiriwo sadataye mtima. Mu 1950 adayendayenda m'maholo kuchita zisudzo limodzi, anthu n'kumafa nalo phwete, mpaka mabwana aja adagonja.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Masiku amenewo masewero ambiri a pakanema ankaulutsidwa kuchokera ku New York nthawi yomweyo akuchitika, ndipo akatha ankakhala ngati atha basi. Banjali lidafuna kukhalabe ku Los Angeles ndi kujambula sewero lawo pa filimu yeniyeni, ndi makamera atatu, pamaso pa gulu la oonera. Izi zidali zodula. Pokambirana, Desi adavomera kuti malipiro a awiriwo adulidwe ndi madola 1,000 pa sabata, bola mafilimuwo akhale a kampani yawo ya Desilu. A CBS adavomera msangamsanga. Ndani angaonerenso sewero lomwe adaliona kale?

Sewero la I Love Lucy lidayamba pa 15 Okotobala 1951, Lucille ali ndi zaka 40. Pa 19 Januwale 1953, gawo loonetsa kubadwa kwa mwana lidaoneredwa ndi anthu pafupifupi 44 miliyoni, kuposa omwe adaonera kulumbiritsidwa kwa Pulezidenti Eisenhower mawa lake. Pomwe seweroli linkatha mu 1957, lidali ndi magawo 180, ndipo zidaoneka kuti anthu satopa nalo ngakhale kulibwereza kangati. A CBS aja adachita kugula mafilimu omwe adawasiya mosavuta, pa mtengo woposa madola 4 miliyoni. Chaka chomwecho Desilu idagula malo ojambulira mafilimu a RKO, komwe Lucille adali wantchito kale.

Sikuti zonse zidali myaa. Mu 1953 adafunsidwa ndi komiti ya aphungu yosaka anthu achikomyunizimu, chifukwa mu 1936 adalembetsa kuvota m'dzina la chipanicho pofuna kusangalatsa agogo ake aamuna. Adapulumuka, pomwe anzake ena ntchito zidawathera pomwepo. Kunyumba nako kudali moto: Desi adalowerera pa mowa ndi akazi, ndipo banja lidatha mu 1960.

Mu 1962 Lucille adagula gawo la Desi mu Desilu, n'kukhala mkazi woyamba kutsogolera kampani yaikulu yopanga masewero a pakanema ku America. Ali pampandopo, kampaniyi idatulutsa Star Trek ndi Mission: Impossible mu 1966, ngakhale kuti onse awiri ankadya ndalama zambiri. Mu 1967 adaigulitsa kwa Gulf+Western pa madola 17 miliyoni. Adamwalira ku Los Angeles pa 26 Epulo 1989 ali ndi zaka 77.

Abale anga, luso lokha silidalemeretse mayiyu. Luso adali nalo zaka zonse zija ankangolandira malipiro. Zinthu zidasintha tsiku lomwe iye ndi mwamuna wake adalolera kutapa pang'ono lero kuti katundu akhale wawo mawa. Paja akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Choncho inu ogulitsa katundu wa eni ake, ndi inu achinyamata oimba, olemba ndi ochita zisudzo, musanasaine pepala lililonse musamangofunsa kuti mulandira zingati. Funsaninso kuti ntchitoyo ikatha, mwini wake adzakhala ndani.