Georg Cantor, munthu amene anayesa kuyeza zosatha

Mwana akangophunzira kuwerenga 1, 2, 3, sachedwa kuzindikira kuti manambala alibe polekezera. Kwa zaka zoposa 2,000, kuyambira nthawi ya Aristotle, akatswiri ambiri ankati chinthu chosatha munthu angangochiyandikira, koma sangachitenge chonse n'kuchiyeza. Georg Cantor anatsutsa zimenezi.

Cantor anabadwa pa 3 March 1845 ku St Petersburg, m'dziko la Russia, ndipo banja lawo linasamukira ku Germany mu 1856. Anaphunzira masamu ku Berlin. Mu 1869 anayamba kuphunzitsa payunivesite ya Halle, ndipo ntchito yake yonse anaigwirira komweko.

Njira yake ndi yodziwika kwa mphunzitsi aliyense. Pofuna kudziwa ngati mipando ikukwanira, umangouza ana kuti aliyense akhale pampando wake. Pakapanda kutsala mwana kapena mpando, ndiye kuti n'zofanana. Cantor anachita chimodzimodzi ndi manambala: 1 apite ndi 2, 2 ndi 4, 3 ndi 6, mpaka kalekale. Motero manambala ogawika ndi 2 ndi ochuluka mofanana ndi manambala onse owerengera. Koma mu 1874 anasonyeza kuti manambala onse a pamzere, kuphatikizapo a madesimo osatha, sangagwirizanitsidwe choncho, chifukwa ena amatsala nthawi zonse. Izi zikutanthauza kuti zosatha zina n'zazikulu kuposa zinzake.

Leopold Kronecker, yemwe anamuphunzitsa ku Berlin, anakana maganizowa mwamphamvu, ndipo Cantor sanapeze ntchito ku Berlin monga ankafunira. Mu 1884 anayamba kudwala matenda a maganizo, omwe ankabwerabwera. Mwana wake wamng'ono, Rudolph, anamwalira mu 1899. Cantor anamwalira pa 6 January 1918 m'chipatala ku Halle, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanathe.

Iye anali wa mpingo wa Lutheran. Ankakhulupirira kuti zosatha za m'masamu munthu angathe kuziyerekeza, koma kupanda malire kwenikweni n'kwa Mulungu yekha, ndipo nzeru za munthu sizingafikeko.

Funso limodzi linamukanika mpaka imfa: kodi pakati pa zosatha ziwiri zija pali chinanso? Ntchito ya Kurt Gödel, kenako ya Paul Cohen mu 1963, inasonyeza kuti malamulo ovomerezeka a masamu sangaliyankhe. Masiku ano nthambi zambiri za masamu zakhazikika pa mfundo za Cantor, koma funso lakelo likadali chitsegukire.