Édouard Lucas ndi Nambala ya Zilembo 39

Édouard Lucas anabadwira ku Amiens, m'dziko la France, m'chaka cha 1842. Anagwirako ntchito pa nyumba yopimira nyenyezi ya ku Paris, namenya nawo nkhondo ya France ndi Prussia ya 1870 mpaka 1871, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa masamu pa sukulu za Saint-Louis ndi Charlemagne mumzinda womwewo. Anali munthu wogwira choko monga ife.

Nambala yosagaŵika ndi imene sitingaigaŵe popanda chotsala, kupatula ndi 1 kapena ndi iyo yokha. Pali mtundu wina wa nambalazi wodziŵika ndi dzina la wansembe Marin Mersenne: tichulukitsa 2 ndi 2 kangapo, kenaka tichotsa 1. Motero tipeza 3, 7, 15, 31, 63, 127. Mwana wochenjera adzaona msanga kuti 15 ndi 63 zigaŵika, ndi kuti zosagaŵikazo zituluka pamene chiŵerengero cha ma 2 chili chosagaŵikanso. Apa ndi pamene ambiri timaterereka, poganiza kuti lamulo lapezeka. Koma ma 2 okwana 11 apereka 2047, ndiye 23 kuchulukitsa ndi 89. Chitsanzo chimenechi tisamaŵabisire ana, ngakhale chisokoneze phunziro lathu lokonzeka bwino.

M'chaka cha 1876 Lucas anatsimikiza kuti 2¹²⁷ − 1, nambala ya zilembo 39, ndi yosagaŵika. Kuyesa kuigaŵa ndi nambala imodziimodzi sakanatsiriza pa moyo wake wonse, choncho anapeza njira yachidule, imene D. H. Lehmer anaikonzanso m'chaka cha 1930. Tiiyese ndi 31. Tiyamba ndi 4. Tichulukitsa nambalayo ndi iyo yokha, tichotsa 2, n'kusunga chotsala tikagaŵa ndi 31. Tipeza 14, kenaka 8, kenaka 0. Popeza 31 achokera ku ma 2 asanu, tichita zimenezi katatu, ndipo 0 wothera pamenepo ndiye umboni. Nambala ya Lucas inakhala yaikulu koposa zonse zodziŵika mpaka 1951, ndipo njira yomweyo inatsimikiza 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, ya zilembo 41,024,320, m'chaka cha 2024.

Sadanyoze zoseŵera. M'chaka cha 1883 anatulutsa seŵero la Nsanja ya Hanoi, limene tingalikonze ndi timitengo titatu ndi makatoni oboola pakati, osiyana kukula. Mwana asamutse mulu wonse, katoni imodzi pa nthaŵi, osaika yaikulu pamwamba pa yaing'ono. Makatoni 3 afuna kusuntha kosachepera 7, makatoni 5 afuna 31: nambala zathu zija zabweranso, ndipo ana adzitulukira okha tikadziletsa kuŵauza.

Imfa yake inadza mosayembekezeka. Ali paphwando m'chaka cha 1891, woperekera chakudya anagwetsa mbale, phale lake nilimcheka patsaya. Balalo linaloŵa matenda, ndipo patapita masiku oŵerengeka anamwalira ali ndi zaka 49.